Kodi Ndi Yomweyo? Mbiri ya Bentley Imene Inafika M'khoti

M'caka ca 1990, m'Khoti Lalikulu la mumzinda wa London ku England munalowa nkhalamba ya zaka 85 kudzapereka umboni. Nkhalambayo inali a Walter Hassan, amene pa unyamata wao anali makaniko. Mlandu umene anawaitanira sunali wa kuba, sunalinso wa kupha munthu. Unali mlandu wa galimoto imodzi yakale ya mtundu wa Bentley, yodziwika ndi dzina lakuti Old Number One, ndiko kunena kuti Nambala Wani Yakale. Mwini wake anali atapangana ndi kampani ina kuti aigulitse pa mtengo wa £10 miliyoni. Mapepala anasainidwa, koma ndalama zisanaperekedwe ogula aja anakana, nati galimoto imene anawaonetsa sindiyo imene iwo anafuna kugula.

Nanga munthu angatsimikize bwanji kuti galimoto ya zaka 61 ndi yomwe ija inatuluka m'fakitale, pamene injini yake ndi ina, bodi yake ndi ina, ngakhale cimango cake ndi cina? Funso limeneli ndilo linaikidwa pamaso pa woweruza. Kuti timve bwino yankho lake, owerenga athu, tiyenera kulondola mapazi a galimotoyi kucokera tsiku limene inapangidwa, ndi kuona manja onse amene inadutsamo.

Cuma ca ku Kimberley

Ulendo wathu uyambira kum'mwera kwa Africa kuno. M'caka ca 1873 mnyamata wina wosauka wa ku London, dzina lake Barney Barnato, anafika ku Kimberley kumene anthu anali kukumba madayamondi. Patapita zaka zowerengeka iye analemera kotero kuti anali kulimbana ndi Cecil Rhodes, yemwe uja dziko lathu linanyamula dzina lake m'masiku a atsamunda. Pomaliza anagwirizana, ndipo m'caka ca 1889 kampani ya De Beers inalemba ceke ca £5,338,650 pogula migodi ya gulu la Barnato. Koma cuma cimeneco sanacidyerere nthawi yaitali. M'caka ca 1897, ali pa ulendo wa pa sitima ya pamadzi wobwerera ku England, anagwera m'nyanja pafupi ndi cilumba ca Madeira namira. Anasiya mwana wamwamuna, Woolf, asanakwanitse zaka ziwiri.

Woolf Barnato anakula ali mwini cuma, ndipo mtima wake unali pa masewera ndi pa magalimoto a liwiro. Pa nthawi yomweyo ku London kunali munthu wina waluso, Walter Owen Bentley, amene anaphunzira nchito ya zitsulo ku malo opangira sitima za pamtunda ku Doncaster. M'caka ca 1919 anayambitsa kampani ya Bentley Motors, namanga fakitale ku Cricklewood, kumpoto kwa London. Magalimoto ake anali akulu, olimba ndi odula, ogulidwa ndi anthu olemera okhaokha. Komabe kampaniyo inali yosowa ndalama caka ndi caka. M'caka ca 1926 Woolf Barnato anaikamo cuma cake, nakhala wapampando wa kampaniyo. Motero madayamondi a ku Kimberley ndiwo anacirikiza fakitale imene inabala galimoto ya nkhani yathu.

Kupambana ku Le Mans

A Bentley anali kudziwa kuti njira yabwino yochukitsira magalimoto ao inali kupambana mipikisano, makamaka uja wa ku Le Mans m'dziko la France. Mpikisano umenewu unayamba m'caka ca 1923. Magalimoto amazungulira bwalo la misewu kwa maola 24 osaleka, usana ndi usiku, madalaivala akumalandirana, ndipo yopambana ndi imene yayenda mtunda wautali kuposa zonse. Galimoto yofooka siiona dzuwa la tsiku laciwiri. Bentley inali itapambana kale kumeneko m'zaka za 1924, 1927 ndi 1928.

Pokonzekera caka ca 1929, fakitale inapanga galimoto ya mpikisano ya mtundu wa Speed Six, ya injini ya masilinda 6 ndi kukula kwa malita 6 ndi theka. Apa tisunge m'mutu manambala awiri, pakuti ndiwo adzatitsogolera ulendo wonse. Pa chassis, ndiye cimango cacitsulo cimene injini, mawilo ndi bodi zimakhalapo, fakitale inapereka nambala yakuti LB2332. Boma nalo linailembetsa ndi nambala ya pamsewu yakuti MT 3464. Mwini wake woyamba inali kampani ya Bentley Motors yeniyeniyo.

M'mwezi wa Juni 1929 galimotoyi inalowa mpikisano wa ku Le Mans italembedwa nambala 1, ikuyendetsedwa ndi Woolf Barnato ndi Sir Henry Birkin. Inayenda makilomita 2,843 m'maola 24 aja niipambana, ndipo pa malo aciwiri, acitatu ndi acinayi panabweranso magalimoto a Bentley. Caka cotsatira, 1930, inabwererako ndi Barnato ndi Glen Kidston. Ulendo uno inalimbana ndi galimoto yamphamvu ya Mercedes yoyendetsedwa ndi Rudolf Caracciola wa ku Germany, mpaka Mercedes ija inalephera pakati pa usiku. Bentley yathu inamaliza makilomita 2,930 niipambananso. Popeza caka cimeneco fakitale inali itapanga ma Speed Six ena awiri a mpikisano, yoyamba ija inakhala Nambala Wani Yakale, ndipo dzinalo linaikanirira.

Zitsulo ziyamba kusintha

Pano mpamene vuto la mlandu wa 1990 linabzalidwa, ngakhale panthawiyo panalibe amene anaganiza za khoti. Galimoto ya mpikisano siili ngati mbale ya m'kabati imene imasungidwa kuti alendo aione. Imathamanga mpaka zitsulo zitatopa, imagunda, imakonzedwa, ndipo cosweka cimatayidwa. Pakati pa mipikisano iwiri ya ku Le Mans, Old Number One inathamanganso ku Brooklands, ku Dublin ndi ku Ards pafupi ndi Belfast, kumene inacita ngozi. Mabuku a fakitale aonetsa kuti isanafike ku Le Mans kaciwiri inali italandira cimango catsopano ndi zitsulo zina zikuluzikulu. Kunena zoona, galimoto yopambana mu 1930 inali ndi zocepa cabe za ija yopambana mu 1929. Komabe makaniko aliyense ndi mtolankhani aliyense anali kuicha dzina lomwe lija, ndipo manambala ake sanasinthe.

Tiyeneranso kudziwa mwambo wa masiku amenewo. Fakitale ya magalimoto apamwamba inali kugulitsa cimango ndi injini yake cabe. Bodi inali kupangidwa ndi amisiri ena, ambiri a iwo ocokera ku nchito yopanga ngolo za akavalo, monga mwa kufuna kwa wogula. Kucotsa bodi ndi kuikapo ina cinali cinthu cozolowereka, monga munthu asintha malaya. Old Number One inavala mabodi osiyanasiyana malinga ndi mpikisano umene inali kukalowa.

Atapambana mu 1930, a Bentley analeka mipikisano. Cuma ca dziko lonse lapansi cinali citagwa, ndipo ogula magalimoto odula anacepa. M'mwezi wa Julayi 1931 kampani inalephera kubweza ngongole zake, ndipo mu Novembala caka comweco inagulidwa ndi kampani ya Rolls-Royce. Koma Old Number One siinapite nao m'malonda amenewo. Barnato anali ataitenga kukhala yakeyake, natenganso Walter Hassan kukhala makaniko wake wapakhomo. Hassan analowa nchito kwa a Bentley mu 1920 ali mnyamata wa zaka 15, ndipo galimotoyi anali kuidziwa monga mayi adziwa kulira kwa mwana wake. Uyu ndiye mwini waciwiri ndi mlezi wake.

Tsiku lacisoni ku Brooklands

Brooklands linali bwalo la mipikisano la simenti pafupi ndi tauni ya Weybridge, lotsegulidwa mu 1907. Pa makona ake msewu unali wopendekeka ndi wokwera ngati m'mbali mwa mbale yolowa, kuti galimoto ikhote popanda kucepetsa liwiro. Yothamanga kwambiri inali kuyenda pamwamba penipeni, pafupi ndi mlomo wa cipupaco. Mu 1931 Barnato anapereka galimoto yake kwa Jack Dunfee ndi Cyril Paul kuti akalowe mpikisano wa mamailosi 500 pa bwaloli, ndipo anapambana pa liwiro la makilomita pafupifupi 190 pa ola.

Barnato anafuna liwiro loposa pamenepo. Mu 1932 anauza Hassan kuti aimangenso galimotoyo. Hassan anatenga cimango colimba ca mtundu wina wa Bentley, wa malita 4, nasamutsirapo zitsulo za galimoto yakale zimene zinali zabwino. Injini ya malita 6 ndi theka itaonongeka, anaikamo ina yaikulu ya malita 8. Injini yakale ija siinatayidwe: pambuyo pake inakonzedwa niikaikidwa m'galimoto ina ya mpikisano yochedwa Barnato-Hassan. Mfundo imeneyi tiisunge, cifukwa ogula a mu 1990 anali nayo mphamvu yonena kuti mtima wa galimoto unapita kwina.

Pa 24 Seputembala 1932 Old Number One inalowanso mpikisano wa mamailosi 500, madalaivala ake ali abale awiri, Jack ndi Clive Dunfee. Cakudza sicimba ng'oma. Clive atalandira ciongolero kwa mkulu wake, anakwera pamwamba pa cipupa kuti apitirire galimoto ina, ndipo wilo linaphonya mlomo wa simenti. Galimoto inagunda mitengo niigwera kuseri kwa cipupa. Clive Dunfee anafera pomwepo, mkazi wake Jane Baxter, wocita masewero a kanema, akuonerera. Pakati pa khamulo panalinso mtsikana wa zaka 14, Diana, mwana wa Barnato. Patapita zaka 58 mtsikana ameneyu anadzaimirira m'khoti kunena zimene anadziwa za galimotoyo.

Anzake a galimotoyi anali kutha mmodzimmodzi. Glen Kidston anali atafa kale mu Meyi 1931 pa ngozi ya ndeke m'mapiri a Drakensberg ku South Africa, patangopita masabata ocepa ataulutsa ndeke kucokera ku England mpaka ku Cape Town m'masiku osakwana 7. Sir Henry Birkin anamwalira mu 1933. Barnato sanafune kuti Old Number One ithamangenso. Anatola zotsala za pa ngoziyo, nalamula kuti zikonzedwe, ndipo anaikapo bodi yotsekeka ya denga ndi magalasi. Galimoto imene inagonjetsa Le Mans kawiri inasanduka yoyendera pamsewu wamba.

Kudutsa m'manja ambiri

Mu 1936 Barnato anaigulitsa kwa msilikali wina waudindo wa Major, ndipo kucokera pamenepo inayamba moyo wa galimoto yakale iliyonse. Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse inafika mu 1939. Bwalo la Brooklands linatsekedwa osatsegulidwanso, petulo anali kugawidwa mwa muyeso, ndipo magalimoto ambiri akulu anaikidwa m'mashedi kapena kuphwanyidwa kuti zitsulo zao zithandize nkhondo. Old Number One inapulumuka. Barnato mwini anamwalira mu 1948 ali ndi zaka 52.

Mu 1957 galimotoyi inapeza mwini wina, amene pamodzi ndi mnzake anacotsa bodi ya denga ija naikapo yotseguka ya anthu awiri. Mu 1960 inagulidwa ndi munthu wa ku Lincolnshire, kum'mawa kwa England. Mu 1966 inaoloka nyanja kupita kwa wosunga magalimoto akale wa ku America, niikhala kumeneko zaka zoposa 20. Kumapeto kwa 1988 inabwerera kwao, niikaikidwa pa malonda kwa wogulitsa ma Bentley akale pafupi ndi London. Amene anaigula ndi Edward Hubbard, ndipo iye anaononga ndalama zambiri kuibwezera maonekedwe amene inali nao pa mpikisano wake wotsiriza wa mu 1932.

Tingafunse kuti zonsezi zinadziwika bwanji. Olondola mbiri ya galimoto ali ndi mboni za mitundu inayi. Yoyamba ndi mabuku a fakitale. A Bentley anali kusunga tsamba la galimoto iliyonse pansi pa nambala ya cimango cake, nalembamo tsiku limene inabwera kudzakonzedwa, citsulo cimene cinasinthidwa ndi dzina la mwini wake. Yaciwiri ndi buku la boma la galimoto, longa lija kuno kwathu timati white book. Ku Britain lamulo lolembetsa magalimoto linayamba kugwira nchito mu 1904, ndipo kuyambira 1921 galimoto iliyonse inali ndi kabuku kake momwe eni atsopano anali kulembedwa. Yacitatu ndi manyuzipepala ndi zithunzi za nthawi imeneyo, zimene sizingasinthidwe kuti zikondweretse wogulitsa wa lero. Yacinayi ndi anthu amoyo amene anaigwira ndi manja ao. Mboni imodzi yokha ingalakwe kapena kunama. Koma zinayi zonse zikanena cinthu cimodzi, mbiri imaima.

Mlandu uzengedwa

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 mitengo ya magalimoto akale inakwera modabwitsa. Anthu anali kuwagula osati kuti ayendemo, koma kuti agulitsenso mawa pa phindu. M'mwezi wa Epulo 1990 Hubbard anapangana ndi kampani ya Middlebridge Scimitar, yocirikizidwa ndi ndalama za ku Japan, kuti igule Old Number One pa £10 miliyoni. Mwa izi, £6.8 miliyoni inali ndalama zenizeni, ndipo zotsalazo anali katundu wa kampaniyo. Posakhalitsa ogula anayamba kumva manong'onong'o akuti galimotoyo siinali yeniyeni, nakana kulipira. Hubbard anapita kukhoti kupempha kuti pangano likwaniritsidwe. Mlandu unagwera m'manja mwa woweruza Otton.

Dandaulo la ogula silinali lacibwana. Iwo anati: ife tinafuna galimoto imene inapambana ku Le Mans mu 1929 ndi 1930. Cimango ca galimoto imeneyo palibe. Injini yake palibe. Bodi yake palibe. Mu 1932 Hassan sanakonze galimoto yakale, koma anapanga yatsopano pogwiritsa nchito zotsala za yakale. Ndipo ngakhale yatsopanoyo inaphwanyika pa ngozi ya Clive Dunfee. Nanga tilipire bwanji cuma cotere cifukwa ca dzina ndi manambala?

Pamenepo mpamene anaitana a Hassan. M'zaka zapakatizo iwo anali atakhala injiniya wochuka, mmodzi wa amene anapanga injini za Jaguar ndi za Coventry Climax, koma m'khoti anafunsidwa za nchito ya manja ao ya zaka 58 zapitazo. Anafotokoza zimene Barnato anawatuma, zitsulo zimene anacotsa ndi zimene anasiya. Umboni wao unali wakuti sanatumidwe kupanga galimoto yatsopano, koma kulimbitsa yomwe ija kuti ipirire liwiro la ku Brooklands, monga momwe fakitale inacitira kale pakati pa 1929 ndi 1930. Mayi Diana Barnato Walker naonso anaimirira. Iwo anali atachuka pa okha: pa nkhondo anali kuulutsa ndeke za asilikali kuzipereka ku mabwalo, ndipo mu 1963 anakhala mkazi woyamba wa ku Britain kuulutsa ndeke moposa liwiro la mau. Anacitira umboni kuti kwa bambo ao galimoto ya mu 1932 inali Old Number One yomwe ija. Michael Hay, wolemba mbiri ya magalimoto a Bentley, anayala mabuku a fakitale pamaso pa khoti, nasonyeza kusintha kulikonse ndi caka cake. Manyuzipepala a mu 1932, polemba za ngozi ija, anali ataichula galimotoyo ndi dzina lomwelo.

Cigamulo

Pa 27 Julayi 1990 woweruza Otton anapereka cigamulo cake. Pofuna mau oyenera, anatsamira pa buku la Denis Jenkinson, mtolankhani wa mipikisano, amene anagawa magalimoto akale m'magulu. Gulu loyamba ndi la galimoto imene ili monga inatulukira m'fakitale, yosasinthidwa kanthu. Woweruza anati Old Number One siingalowe m'menemo, ndipo ndi galimoto ya mpikisano yowerengeka cabe imene ingalowemo. Gulu laciwiri ndi la imene yakhala ikukonzedwa koma yosacoka pa mpangidwe wake woyamba. M'menemonso siinalowe, pakuti cimango ndi injini zinali za mitundu ina. Koma pali gulu lacitatu, la galimoto imene yasintha kambirimbiri pa moyo wake wa nchito, koma siinasowepo pamaso pa anthu, siinaphwasulidwe ndi kumwazidwa, ndipo caka ciliconse munthu akanatha kuiloza ndi cala. Woweruza anati malo a Old Number One ndi amenewo.

Mfundo zake zinali zomveka. Kusintha konse kunacitika poyera, mwa lamulo la mwini wake, ndipo kunalembedwa. Manambala aja LB2332 ndi MT 3464 anayenda nayo kucokera ku Cricklewood mpaka m'manja mwa Hubbard. Ngozi ya mu 1932 inaiononga koma siinaithetse, popeza zotsala zake ndizo zinakonzedwa. Ndipo pa dziko lonse panalibe galimoto ina imene ikanatha kuimirira ndi kunena kuti dzinalo ndi langa. Cifukwa cake pangano linayenera kukwaniritsidwa: Hubbard analonjeza kugulitsa galimoto yodziwika ndi dzina lakuti Old Number One, ndipo imeneyo ndiyo anapereka.

Kwa ife maganizo amenewa si acilendo. Mudzi umene agogo athu anamanga ulibenso nsici imodzi ya masiku ao. Udzu wa padenga wafoleredwa kosawerengeka, zipupa zagwa ndi kumangidwanso, mwina mudziwo unasuntha kucoka kutsidya la mtsinje. Koma dzina lake ndi lomwe lija, ndipo palibe amene amatsutsa, cifukwa sipanakhale tsiku limene mudziwo unatha, ndipo akulu angathe kuchula mafumu ake mmodzimmodzi kufikira woyamba. Koma munthu wina akamanga nyumba zofanana pa malo ena nalemba dzina lomwelo pa cikwangwani, tonse tidzadziwa kuti ndi mudzi wina.

Kupambana kwa Hubbard kunafika pa nthawi yoipa. Mitengo ya magalimoto akale inali itayamba kale kugwa, ndipo posakhalitsa kampani ya Middlebridge Scimitar inagwa nayo. Koma cigamuloco cinakhala. Mpaka lero, pakabuka mkangano wa galimoto yakale ya mtengo wapatali, maloya ndi akatswiri amakumbutsana mlandu wa Old Number One ndi muyeso wake wa mbiri yosaduka.

Mtengo wa mbiri

Kampani ya Bentley ilipobe. Fakitale yake ili ku Crewe, ndipo kuyambira 1998 eni ake ndi a Volkswagen a ku Germany. Mu 2003 inapambananso ku Le Mans, patapita zaka 73 cipambanire Barnato ndi Kidston. Mu 2022 inalengeza kuti idzapanga ma Speed Six atsopano 12, otsata mapulani akale citsulo ndi citsulo, iliyonse pa mtengo wa £1.5 miliyoni. Magalimoto amenewa angafanane ndi ya mu 1930 kuposa momwe Old Number One ifanana nayo tsopano. Komabe palibe imodzi mwa izo imene inayendapo usiku wa ku Le Mans, kapena kugwiridwa ndi manja a Hassan. Mtengo wao mu 2022 sunafike ngakhale pa gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi la umene unapanganidwa pa galimoto yakale ija zaka 32 m'mbuyomo. Apa tiona cimene ogula anali kulipira. Zitsulo zingasulidwe tsiku lililonse, koma zaka zimene galimoto yadutsamo palibe fakitale ingazipange.

Cotsala m'maganizo athu ndi kucepa kwa zinthu zimene zinapulumutsa dzina la galimotoyi. Kalaliki wina wa kampani ya Bentley, amene dzina lake silikumbukidwa, anali kulemba m'buku tsiku ndi tsiku zimene amakaniko anasintha. Eni ake otsatana sanataye kabuku ka boma. Ndipo nkhalamba ziwiri zinali zikali moyo ndi nzeru zao pamene khoti linazifuna. A Hassan anamwalira mu 1996, Mayi Barnato Walker mu 2008. Mlandu uja ukanacedwa zaka zowerengeka, munthu amene anamanga galimotoyo ndi manja ake sakanapezeka. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambo nalo limauma. Amene ali ndi cinthu cimene afuna kuti adzukulu adzacidziwe, kaya galimoto, kaya munda, kaya nyumba, acite monga anacitira kalaliki uja, ndipo afunse akulu akali ndi mau.